Mayina a Mkati mwa Wotchi ya Bambo

Linali Lachiwiri, pa 12 Malichi 1974, nthawi ya 10 koloko m'mawa. Ndinali nditatsimikiza zopita ku London kukaphunzira za magetsi, ndipo bambo anandiperekeza mpaka ku Chileka. Mayi anatisiya tili ana, choncho wotsanzikana naye anali iwo okha. Tili pakhomo lolowera, anavula wotchi yawo n'kundiika m'dzanja.

"Yaima dzulo," anatero. "Kuno angoiononga. Ukakonzetse kwa eni ake, ubwere nayo."

Wotchiyo anapatsidwa ndi mzungu wa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene anagwira ukalaliki zaka zambiri. Inali ya kampani yakale ya ku Switzerland, imene mawotchi ake amavala anthu achuma. Pakhomo pathu panalibe chinthu china cha mtengo wotere.

Sukulu sindinamalize. Amene ankandilipirira anasiya chaka choyamba chomwecho. Ndinkakhala ku Peckham, m'kachipinda kapamwamba kwa a Mbewe, banja limene linathawa kwathu chifukwa cha ndale. Ntchito inandipezera ndi wotchi ija. Nditapita nayo ku Clerkenwell, kumene kampaniyo inali ndi malo okonzera, mmisiri wamkulu, a Pritchard, anaitsegula ine ndikuona. Anaika galasi padiso, ndipo ndi kopanira kakang'ono anatulutsa kachibenthu ka mtengo wa machesi. Wotchi inayamba kuyenda pomwepo.

"Siinafe iyi," anatero m'Chingerezi. "Aka kanangogwira gudumu. Kanalowa bwanji, sindikudziwa."

Ataona mmene ndinkasuzumira, anandifunsa ngati ndili pantchito. Lolemba lotsatira ndinayamba kupukuta zikombole ndi malamba a mawotchi.

A Pritchard ankakonda mbiri ya kampaniyo kuposa mpira. Ankati inayamba ndi alimi a m'mapiri, amene chisanu chikawatsekera m'nyumba ankasula timagudumu pafupi ndi zenera. Ana awo anapitiriza, zidzukulu zinapitiriza. Koma mbiri yeniyeni, iwo ankatero, ili kuseri kwa chivindikiro: mmisiri aliyense amene wagwira ntchito pa wotchi amakanda ndi singano zilembo za dzina lake ndi chaka, mwini wake osadziwa. Mu wotchi ya bambo munali mayina atatu. La a Pritchard linakhala lachinayi.

Ndinalembera bambo kuti wotchi yakonzedwa, nditumiza. Yankho linali lalifupi: "Pa positi ayi. Ubwere nayo wekha." Ndalama zimene ndinkatumiza ankalandira n'kuthokoza, koma kalata iliyonse inkathera pa wotchi.

Sindinapite. Kutchalitchi kwathu ku Peckham ankanong'ona kuti wokhala m'nyumba ya othawa dzina lake limalembedwa, ndipo akatsika ndege kwathu saonekanso. Mayi Mbewe ankandiuza kuti, "Mukufuna mukafere wotchi, achimwene? Ingopositani, basi." Mantha analipodi. Koma ndinene zoona, analiponso manyazi. Ndinachoka kuti ndikabwere ndi satifiketi, ndipo ndinali munthu wopukuta mawotchi a anthu ena. Lamlungu masana ndinkakwera basi kupita ku Greenwich, kukakhala pabenchi kuyang'ana mtsinje, osalankhula ndi munthu mpaka Lolemba. Wotchi ya bambo sindinavale ngakhale tsiku limodzi. Ndinkaiwayinda m'mawa uliwonse kuti isaime, n'kuibweza m'kabati. Chaka chilichonse ndinkalemba kuti chaka chamawa.

Bambo anamwalira mu 1986. Kalata ya mchemwali wanga Esnati inandipeza patatha milungu itatu chiwaikire. Ndinapita chaka chotsatira, pomanga chiliza. Pabwalo la ndege ndinaima pamzere, pasipoti ili m'manja. Woona ziphaso anadinda pasipoti yanga osandiyang'ana n'komwe.

Ndinafika kumudzi masana. Anthu atatha kupereka moni, ndinakhala pakhonde ndi Esnati n'kumupatsa wotchi. Anaiika kukhutu.

"Ikuyenda," anatero. "Kamtengo kaja anakachotsa eti?"

Ndinamuyang'ana. Za kamtengo ndinali ndisanalembepo m'kalata iliyonse.

"Ndinawaona ndi maso angawa, achimwene. Lolemba lija, inu mutapita kukatsanzika kwa abusa. Anatsegula ndi kampeni kawo kosongolera pensulo, n'kuikamo okha. Ndinawafunsa kuti bwanji mukuononga. Anati, 'Mwana uyu akapita wopanda chobweza sabwera. Koma cha mwini sangakhale nacho. Ndinamulera ndekha, ndikumudziwa.'"

Anandiuzanso kuti bambo sanagule ina. Mwamuna wa Esnati atawabweretsera yotchipa kuchokera ku Limbe, anakana, ati dzanja lili ndi mwini wake. Munthu akawafunsa nthawi, ankayang'ana pamkono popanda kanthu n'kunena kuti ili ku London, ikubwera.

"Sanandikwiyire?" ndinafunsa.

"Pamaso pa anthu ayi. Ankangoti amisiri a ku Ulaya ngochedwa."

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti kwathu akudikira satifiketi. Palibe amene anandifunsa za satifiketi. Nkhalamba zimene zinabwera kudzandiona madzulo zinangopempha kuiona wotchi, ndipo inayenda m'manja mwa aliyense.

M'mawa mwake ndinapempha singano kwa Esnati. Ndinakhala kumapeto kwa khonde, pamene dzuwa limafika bwino, n'kutsegula chivindikiro. Pakati pa dzina lachitatu ndi la a Pritchard panali kampata. Ndinakandapo zilembo za dzina la bambo, ndi chaka, 1974, pakuti nawonso anagwirapo ntchito pa wotchi imeneyi. Ndinatseka, ndinaiwayinda, ndinaivala, ndipo ndinapita kumanda kukathandiza kututa njerwa.