Mnofu wa Elsa, msuzi wa alendo

Ku Chidzolomondo mukafunsa nsomba, aliyense akulozerani kudimba kwa mayi Felismina. Mayiwa anabadwira ku Malawi makolo awo atathawa nkhondo, ndipo anabwera kuno akadali kamtsikana. Dziwe lawo la makumba anakumba okha ndi khasu, anthu akuseka kuti kodi nsomba nazo n'zolima ngati mbatata? Lero osekawo ndi amene amayamba kufika ndi mbale.

Koma taonani zodabwitsa! Pakhomo pa nsomba pomwepo, mdzukulu wawo Elsa, amene amamulera chipitire mayi ake ku Tete kukagwira ntchito, anali kuonda ngati bango. Tsitsi linafiira, masaya anafota. Atapita naye kuchipatala ku Furancungo, namwino anamupachika pa balansa, sikelo yoyezera ana ija, n'kupukusa mutu.

"Amayi, mwanayu amadya chiyani?"

"Nsomba! Mwini dziwe ndine," anayankha mayi Felismina monyadira.

"Nsomba yake mbali iti?"

"Msuzi. Nanga mphamvu si ili mumsuzi? Mnofu ndi wa abambo ndi alendo, mwana angatsamwe ndi minga."

"Mumsuzi muli madzi, mchere ndi tomato," anatero namwino. "Puloteina, chimene chimamanga thupi la mwana, chimatsala mumnofu. Mwezi wamawa peso, kulemera kwakeku, ikapanda kukwera, tidzamugoneka kuno."

Mayi Felismina anabwerera mtima ukuwawa, manyazi atawagwira mpaka m'makutu. Iwo, odyetsa mudzi wonse, mdzukulu akagonekedwe chifukwa cha njala? Ayi ndithu.

Madzulo ake anaphika makumba awiri, n'kukhala pamkeka kumasadzula mnofu ndi zala, munga uliwonse kuchotsa. Mnofuwo anaupota n'kupatsa Elsa. Amuna awo, a Cipriano, atavundukula mbale anapeza mitu iwiri ikuwayang'ana.

"Amayi, kodi nsombazi masiku ano zikumera mitu yokhayokha?"

"Inu abambo, thupi lanu linamangidwa kalekale. Mukufuna lifike kudenga?"

A Cipriano anang'ung'udza, koma mitu anaipwepweta mpaka mbale kuyera. Ndi munthu wa pakamwa chabe uja. M'mawa mwake ndi iwo amene anatsikira kumtsinje ndi mono kukatchera matemba, oti aumitsidwe, asinjidwe, azithiridwa m'phala la mwana. Elsa poyamba phalalo ankalavula. Pasanapite nthawi anayamba kulanda supuni.

Mayeso enieni anabwera Lamulungu lina, mkulu wa mpingo atapatuka kudzacheza. Kwathu kuno mlendo wotere umamupatsa nsomba yathunthu, ndipo tsikulo kudziwe anali atagwirako imodzi yokha. Mayi Felismina anaima kukhitchini chipande m'manja, thukuta lili kamukamu. Akamumana mlendo, mudzi udzawadya miseche. Akamumana mwana, balansa siidziwa mpingo. Anapuma mozama, mnofu n'kuika m'kambale ka Elsa, mutu ndi msuzi n'kupereka kwa mlendo atagwada.

"Pepani abambo, nsomba yanu yadyedwa ndi wodwala."

Mkuluyo anayang'ana mutu, n'kuyang'ana Elsa amene anali atanona pakamwa ponse, kenako anaphulika kuseka. "Wodwala wake ameneyu? Musiyeni adye! Mlendo ndi mame, koma uyu ndi mwinimudzi." A Cipriano, amene anali atazyolika ndi manyazi, anaseka mpaka kutsokomola.

Tsiku la balansa anapita onse atatu panjinga yamoto yahayala. Mayi Felismina sanadye kanthu ndi mantha. Namwino anapachika mwana, nayang'anitsitsa muvi wa balansayo, n'kumutsitsa, n'kumupachikanso.

"Amayi, mwamuchita chiyani mwanayu? Peso yakwera. Pitani naye kunyumba, koma mnofuwo musasiye."

Eee, nthungululu ya mayi Felismina! Amayi onse a pamzere anatembenuka, ena n'kulowa nawo m'kuvina osadziwa n'komwe chimene chachitika. Mayi Felismina anali kulira ndi kuseka nthawi imodzi, chitenje chikugwa iwo osasamala.

Pobwerera, njinga inawasiya pamphambano, ndipo mtunda wotsalawo a Cipriano ananyamula Elsa paphewa. Asanafike n'komwe pamtsinje anaima, akupumira m'mwamba.

"Iii amayi, mwanayu walemera! Msana wanga uthyoka."

"Senzani, abambo," anatero mayi Felismina akupukuta misozi. "Ndi nsomba zanu zomwe zija."