Chinthu Chimene Chinkayenda M'mafupa Anga

Ndikanakhala wopeka nkhani ndikanapeka yokoma kuposa iyi, koma zipsera zake zili pathupi langa mpaka lero, ndipo anzanga a kusekondale amene timavalira limodzi zovala za masewera anaziona ndi maso awo. Dzina la munthu sinditchula, chifukwa onse ali moyo ndipo ndimawakonda.

Ndinali mu giredi sikisi, tikukhala ku Kabwata m'nyumba zosanjikizana zija, ine, amayi, atate ndi azakhali, mlongo wawo wa atate, amene anabwera kudzakhala nafe amuna awo atamwalira. Azakhali analibe mwana, ndiye mwana wawo ndinali ine. Ndiwo ankandiluka tsitsi Loweruka, ndipo pochokera kumsika wa ku Kamwala kumene ankagulitsa zitenje sankalephera kundibweretsera kachidutswa ka nsalu.

Zinayambira pa fupa la pansi pa bondo. Linkawawa mkati mwenimweni ngati wina akulikukuta, pamwamba pake n'kutupa. Kukiliniki anati mwina ndinagwa posewera. Azakhali ankandithowa ndi kansalu koviika m'madzi ofunda uku akung'ung'udza nyimbo za kukwaya, ndipo patapita milungu ululu unazilala. Sitinasangalale nthawi yaitali, chifukwa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi linatupa ngati dzira. Azakhali anathowanso, nalonso linaphwa, kenako ululu unakatulukira pa kakolo wa mwendo winawo.

Inu mukanaganiza chiyani? Mayi wina woyandikana nafe anauza amayi, ine ndikumva, kuti matenda a Mulungu amakhala malo amodzi, koma chinthu choyenda m'thupi n'chochita kutumizidwa, ndipo ayang'anitsitse dzanja limene likangokhudza, chinthucho chimasamuka. Kuyambira tsikulo ndinkakhala chete m'kalasi kumvetsera mafupa anga, ndikudzifunsa kuti chikadzafika pamtima ndidzatani.

Amayi ndi munthu wa mpingo weniweni, koma mantha a mwana ndi ena. Ananditengera kwa sing'anga mobisa, iye n'kundichekera mphini paliponse pamene chinthucho chinadutsa, pabondo, pakhosi ndi pa kakolo. Pobwerera anandilangiza kuti za kwa asing'anga sizinenedwa kutchalitchi kapena kuchipatala. Choncho tikapita kwa dokotala tinkangonena za pamene pakuwawa tsiku limenelo, za malo enawo ayi.

Palibe amene anawanena azakhali poyera. Amayi anangoyamba kunena kuti madzi ofunda adzitenthetsa okha, tsitsi andiluka okha, yunifolomu achapa okha. Azakhali si mwana, anamva. Anauza atate kuti masitepe a nyumba yathu akuwapweteka maondo, akakhala kwa msuweni wawo ku Lilayi. Tsiku lonyamuka anaima pakhomo la chipinda changa manja ali kumbuyo, n'kundiuza kuti ndizilimbikira sukulu. Manja aja sanawatulutse. Pa zonse zimene zinandichitikira, icho ndicho chimandiwawabe.

Iwo atachoka, chinthucho sichinachoke. Kakolo anatupa mpaka nsapato inakana kulowa. Ndinabayidwa majekeseni opha tizilombo koma sanathandize, ndipo anatitumiza ku chipatala chachikulu, kumene ndinamva anthu ovala zoyera akunong'onezana mawu oti khansa. Anandigoneka tulo n'kuchotsa kachidutswa ka fupa kuti akakapime. Atate, amene sindinawaonepo akulira, ankangotuluka panja pafupipafupi.

Tikudikira zotsatira, dokotala wina wa ana, mayi wolankhula mofatsa, anafuna kumvetsera chifuwa changa. Atamasula batani la bulawuzi anaona mphini za pakhosi zija, n'kundifunsa kuti pamenepa pankawawanso kodi. Amayi anayang'ana pansi. Koma ine ndinatopa ndi kubisa, ndipo ndinavomera. Sanatikalipire. Anangondipempha kuti ndimuonetse mphini zonse, akuzilondola ndi chala, kenako anamwetulira n'kunena kuti sing'angayo sanandichiritse, koma wamulembera bwino njira yonse imene matenda anadutsa.

Anandilowetsa m'makina aakulu aphokoso ojambula thupi lonse, ndipo zithunzi zinaonetsa kutupa m'mafupa pamalo onse a mphini aja. Kafupa kaja kanapezeka kalibe khansa, kalibenso tizilombo. Dokotala anafotokoza kuti mwa ana ena chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kutupitsa mafupa a mwini wake, apa lero, apo mwezi wina, ndipo si matenda opatsirana. Anati kuyendako ndiko kumathandiza kuwazindikira. Anandipatsa mapiritsi ochepetsa kutupa oti ndizimwa miyezi yambiri nditadya, n'kumabwera kudzaonedwa.

Amayi anafunsa ndi mawu otsika ngati kuthowa ndi madzi ofunda kungasamutse matendawo. Dokotala anati ayi, amabwera okha n'kuzilala okha, ndipo amene ankandithowayo ankangondichepetsera ululu.

Pobwerera tinakwera minibasi. Titafika ku City Market, kumene timasinthira basi, amayi anadutsa mabasi a ku Kabwata, n'kundikweza ya ku Lilayi. Tinawapeza azakhali akuyanika zovala. Amayi anagwada pa dothi pomwepo, akungowatchula kuti alamu. Azakhali anawadzutsa msanga, akuti anthu aziti kwagwa maliro, kenako anandiyang'ana kumutu n'kufunsa kuti ndani wakhala akuluka mwana mizere yokhota ngati njira za mu Kamwala. Amayi anaseka misozi ili m'masaya. Azakhali anapukuta manja pa chitenje, anazengereza pang'ono, n'kundigwira kumutu.

Lero ndimathamanga ndi anzanga, ngakhale nthawi zina ululu umabwerera ndipo timapitanso kwa dokotala. Ndikukhulupirira kuti m'nyumba mwathu munalibe mfiti, munali mantha okha, ndipo ndikulakalaka kudzakhala dokotala wa ana. Mwana wanu akamadandaula fupa ili lero, lina mawa, musabise malo ngakhale amodzi, ngakhale pali mphini zochititsa manyazi. Ndipo musanaloze chala munthu, yambani mwaona kuti manja akewo akhala akumuchitira chiyani mwanayo. Azakhali anabwerera, ndipo masitepe aja sanawadandaulenso.