Zigubu za alamu pa dooko

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ankagwira ntchito m'sitolo ina ya zaulimi ku boma la Mangochi. Sitoloyo itatsekedwa anabwerera kwathu kunyanja ndi jekete limodzi komanso zigubu za mankhwala a thonje akalekale, omwe anali ataunjikana kuseri kwa sitolo kuyambira ine ndili mtsikana. Zolemba pa zigubuzo zinali zitafufutika. Iwo ankati abwana anawapatsa ngati mphatso. Ine mpaka lero ndimati anangowatuma kukataya zinyalala, iwo n'kumayesa ulemu.

Nthawi imeneyo ndinkayanika usipa pa thandala, pafupi ndi dooko lomwe tinkatsukirapo nsomba. Alamu anayamba ndi kutinyengerera ife amayi kuti tizithira mankhwalawo pa usipa, ati ntchentche ndi mphutsi zisamayandikire. Mayi wina anatsegula chigubu chimodzi, kununkhiza, n'kuchitsekanso. Palibe anatenga. Zigubu zinakhala kuseri kwa nyumba mpaka zinayamba kudontha, nkhuku za achemwali n'kumafa imodziimodzi.

Lachisanu lina atachoka ku mzikiti, alamu anakokera zigubuzo pamchenga, kuunjikapo matayala akutha ndi maukonde ong'ambika, n'kuthira palafini. Ndinawafunsa ngati panalibe malo ena, poti nsomba zathu zinali pomwepo.

"Alamu, inu mumadziwa za usipa, izi ndi za kusukulu," anandiyankha. "Moto umatha chilichonse. Utsi ukakwera ndiye kuti wapita. Mwera ukautaya kutali."

Mwera sunawombe tsiku limenelo. Utsi wakuda unangokwera pang'ono, kenako n'kugona pamwamba pa madzi. Tinaanula usipa tikutsokomola, maso akuwawa. Eni ake a moto anaima patali, kansalu pamphuno, akulozaloza ndi ndodo ngati akuyang'anira ntchito ya boma. M'mawa mwake madzi a m'bango ankanyezimira ngati athiridwa oyilo wa injini, ndipo tinsomba tinali titayandama chagada.

Alamu anatiuza kuti nyanja ndi yaikulu, itsuka yokha. Zoonadi, patapita masiku madzi anaoneka oyera. Koma dzuwa la Okutobala litafika, masana pa dooko pankamveka fungo lomwe lija, likuchokera m'madzi osaya a m'bangomo. Mvula yoyamba nayo inakokolola phulusa lonse lotsala n'kulilowetsa m'nyanja. Alamu ankati vuto ndi mphuno zathu, amayi a nsomba sitingasiyanitse fungo.

Chaka chotsatira kunabwera mayi wina wa zachilengedwe ndi timabotolo, akutunga madzi ndi matope m'madooko. Ndinamuonetsa pomwe panapsa paja, mchenga ukadali wakuda. Anatifotokozera kuti mankhwala ena akale saola. Moto wa matayala suwapha, umangowakweza m'mwamba, ndipo nthawi zina umabala poizoni wina woposa woyambayo. Kukazizira kapena mvula ikagwa amatsikira m'madzi, madzi akatentha amakweranso mumpweya n'kukatsikira kwina, ndipo amatero zaka ndi zaka. Ena amakhalira m'matope, ena m'mafuta a nsomba, makamaka zazikulu zodya zinzake monga kampango. Ndinamufunsa ngati pali chowachotsera. Anapukusa mutu, n'kutilangiza kuti tisamatsukirenso nsomba pamenepo.

Alamu anali pomwepo, jekete lili pathupi dzuwa likuswa mtengo, akugwedeza mutu kuvomereza liwu lililonse ngati anaphunzira kalasi imodzi ndi mayiyo. Mayiyo atafunsa kuti anawotcha ndani, iwo anayankha wina aliyense asanatsegule pakamwa.

"Anthu a kuno, madamu, ndi osaphunzira. Timawauza koma samva."

"Madamu, nunkhizani jekete lawolo," ndinatero ine. "Likuuzani amene anawotcha."

Amayi anaseka mpaka ena kukhala pansi. Achemwali okha anawerama, akukonzakonza duku. Mayi wa timabotolo sanaseke, anangowayang'ana alamu kwa kanthawi n'kupitiriza kutunga matope. Iwo anatsokomola, n'kunena kuti nkhani zikuluzikulu sizifuna phokoso la azimayi.

Tinasamutsa mathandala kupita kuseri kwa mwala waukulu, ndipo mpaka pano timasenza mabeseni mtunda wonsewo. Achemwali anakhala nthawi osabwera kwanga, poti ndinachititsa manyazi amuna awo pamaso pa mlendo.

Alamu zinawayendera. Atafunika anthu a komiti yosamalira gombe, anawasankha poti amatha Chingerezi. Lero pamsonkhano amaima kutsogolo n'kumatidzudzula ife chifukwa chotaya mamba a nsomba m'madzi. Kunyumba kwawo analamula kuti kampango wa dooko lathu asamalowe mumphika. Amatuma wa kabaza kukawagulira wa ku boma, osafunsa n'komwe kuti wakodwa m'nyanja iti. Akabwera pa thandala langa kudzayendera ukhondo, ndimawapatsa moni ngati alamu, koma mpando sindiwapatsa.