Mabatire Oyanika Pamwala

Dzulo, potsegula rimoti ya tivi, ndinamva fungo la batire lakale, ndipo ndinakumbukira ubwana wanga kwathu ku Mphuka.

Ntchito yanga inali kuyanika mabatire padzuwa kuti apezenso mphamvu, wailesi ilire pa Sondo, nthawi ya nyimbo ndi moni. Atate anali kumigodi, ndipo tinkadikira kumva dzina lawo. Wailesi ikazima pakati pa nyimbo ndinkalira, poganiza kuti moni wawo watidutsa chifukwa cha ulesi wanga.

"Amai, ndinawayanika bwino, anali kuotcha m'manja!"

"Leka kulira, iwe. Tidzayesanso sabata yamawa."

Ndinali ku koleji pamene ndinamva kuti atate anakwatira kwina kalekale, ndipo amai ankadziwa.