Galimoto Yathu ya Denga la Lona

Amuna anga anabwera nayo galimoto ija ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri. Linali Loweruka masana, ine ndili pakhonde kusankha nyemba, ndipo ndinayamba kumva phokoso la anthu ndisanaone chimene chikubwera. Iwo anali pa chiwongolero atavala chipewa chawo cha kuntchito, nkhope ili gwa ngati akuyendetsadi, pamene ng'ombe zinkangodziyendera mwaulesi kutsogoloko.

Nthawi imeneyo tinali titatha zaka zitatu pa boma la Chitipa. Tonse kwathu ndi ku Ntcheu. Ine ndinkaphunzitsa ku pulayimale, iwo anali mlangizi wa ziweto, woyendera madibi osambitsirako ng'ombe. Galimotoyo anaipeza kwa mkulu wina wa ku Chisenga amene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Zambia. Inafera pansi pa mtengo wa mango, ndipo nkhuku zinkaikiramo mazira.

"Bambo, ichi n'chiyani?" ndinawafunsa.

"Galimoto, mayi."

"Denga lake lili kuti?"

"Lilipo, lapindidwa kumbuyoku. Ndi la lona. Mvula ikabwera timangolikoka."

"Nanga mwaigula ndi chiyani?"

Anayang'ana pansi. Anali atasinthanitsa ndi njinga yawo yakapalasa komanso wailesi yathu. Ndinawakalipira pamaso pa anthu onse aja, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Chodabwitsa n'choti iwo ankangomwetulira. Patapita nthawi anandiuza kuti tsiku limenelo ndinayankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinayankhula m'miyezi iwiri ya m'mbuyomo.

Zinali zoona. Miyezi iwiri izi zisanachitike, mwana wathu woyamba anabadwa atamwalira kale. Amayi a mumpingo ndi amene anakamuika, monga mwa mwambo, ine ndikadali chigonere kuchipatala. Nditatuluka ndinkapita kusukulu, kuphika, kuchapa, koma pakamwa panga panali potseka. M'nyumba mwathu munkangomveka masipuni.

Galimotoyo inatenga chilimwe chonse kuti idzuke. Ankaikonza ndi mmisiri wina wochokera cha kumalire a Tanzania, amene aliyense ankangomutcha fundi. Ikafuna chitsulo chimene kulibe, fundi ankachisula yekha. Tsiku limene inalira koyamba inatulutsa utsi wakuda ndi nthenga za nkhuku, ndipo fundi anavula kapusi n'kuiwombera m'manja.

Koma sinachire yonse. Batire yake inali yofooka, moti polira inkafuna kukankhidwa. N'chifukwa chake tinkaiimika pamalo otsetsereka basi. Chitseko cha mbali ya wokwera sichinkatsekeka, tinkachimanga ndi mphira wa tchubu. Pachitunda madzi ake ankawira. Utoto wake kale unali wobiriwira, koma dzuwa linaufwifwitsa n'kukhala ngati masamba a fodya. Anzanga kusukulu ankaitcha beseni.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, amuna anga anati, "Mayi, tiyeni mukandiperekeze ku Chisenga." Sindinafune, koma ndinatopa ndi kukana. Ndinakwera, iwo n'kumanga chitseko changa ndi mphira uja, anthu oyandikana nawo n'kutikankha.

Ndinali ndisanakwerepo chinthu chotere. Pa lole umakhala pamwamba, wopanikizana ndi matumba. Apa ndinali pansi, pafupi ndi msewu, thambo lonse lili pamutu panga. Ndinkamva fungo la lupsa, la ndowe, la mapira amene amayi ankapuntha m'mabwalo. Anthu m'njira ankationa nkhope, ifenso n'kuwaona, ndipo panalibe galasi loti n'kubisalako. Aliyense ankati "Monire!" ndiye umayenera kuyankha. Ndinayankha kamodzi, kawiri, mpaka ndinasiya kuwerenga. Titayandikira Chisenga mapiri a Mafinga anatulukira kutsogolo kwathu, obiriwira modera, ndipo mphepo yozizira yochokera kumeneko inandivula duku n'kukalikoleka pa chitsamba. Amuna anga anaopa kuima chifukwa panali posatsetsereka, ndiye anangochepetsa liwiro, ine n'kudumpha, kuthamangira duku, kenako kuthamangira galimoto. Pokhala pansi ndinazindikira kuti ndikuseka. Iwo sanandiyang'ane. Anangogwiritsa chiwongolero, maso ali kumsewu.

Kuyendetsa anandiphunzitsira pa bwalo la mpira la sukulu yathu, madzulo ana ataweruka. Kalachi inali yolimba ngati mwala, ndipo giya yachiwiri inkalowa ukaipempha bwino. Ndinkazungulira bwalolo osapitirira pamenepo. Anthu ena sizinawasangalatse. Mkulu wina wa chipani anauza amuna anga kuti mkazi wa pa chiwongolero amayamba mwano. Iwo anamuyankha mwaulemu kuti amva, ndipo mawa lake tinapitanso kubwalo.

Pa holide ya chaka chotsatira anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Nthalire, kumene ankakayendera dibi latsopano. Ndi kutali, ndipo msewu wake masiku amenewo unali wa anthu opirira. Tinafika bwino, tinagona kwa aphunzitsi ena. M'mawa mwake ndinapita nawo kudibi n'kukhala pamthunzi, ndikuonerera ng'ombe zikudumphira m'madzi a mankhwala imodziimodzi.

Panali nkhunzi ina yakuda imene inakana kulowa. Amuna anga analowa mumpanda kuti athandize eni ake. Nkhunziyo inatembenuka mwadzidzidzi n'kuwapanikizira ku mitengo ya mpandawo. Ndinamva kuti thyo, ngati nkhuni youma. Pamene ndinkafika anali pansi, mwendo wamanzere utapindika pamunsi pa bondo, pamalo pamene mwendo supindika.

Sanakomoke. Thukuta lili kamukamu, anayamba kulangiza abambo amene analipo mmene angaumangire, poti iwo anali atamangapo miyendo ya ana a ng'ombe ambirimbiri. Anapeza matabwa awiri aatali, ine ndinang'amba chitenje changa. Atatha, mkulu wina anati m'Chitumbuka, "Phepani chomene, amama. Lole yikwiza pa Chinkhonde." Ndiye kuti Lachisanu, ndipo tsikuli linali Lachiwiri. Galimoto ina kunalibe dera lonselo.

Amuna anga anandiyang'ana. "Mayi, muyendetsa ndinu."

"Ine ndimadziwa bwalo la mpira lokha, bambo."

"Msewu ndi bwalo lomwelo, kungoti analitambasula."

Mwendo womangidwa matabwa sukanalowa pa chitseko cha galimoto iliyonse. Koma yathu inalibe denga. Abambo anayi anawanyamula n'kuwatsitsira mkati kuchokera pamwamba, kuwakhazika pampando wakumbuyo, mwendo utawongoka pamwamba pa mpando wakutsogolo umene tinaupinda. Amayi amene ankachokera kumadzi anatula ndowa zawo n'kuyamba kukankha. Ndinaika giya yachiwiri, ndinapemphera, ndinasiya kalachi. Inatsokomola kawiri, kachitatu n'kulira. Mayi wina anathamanga m'mbali mwanga n'kuponya mkati chigubu cha madzi ndi nthochi. Sindinathe n'komwe kunena kuti yewo.

Za msewuwo ndimakumbukira mchenga, miyala, ndi timilatho ta matabwa timene ndinkawoloka nditagwira mpweya. Dzenje lililonse ndinkalimva kawiri, poyamba m'manja mwanga, kenako m'kubuula kwa munthu kumbuyo kwanga. Pakati pa kubuulako ankandiuza, "Giya yoyamba apa. Musaponde buleki. Kumanja pang'ono. Eya, mwatha." Dzuwa linatiwotcha, fumbi linatimata mpaka m'mano.

Titapitirira Wenya, pachitunda china, nthunzi inayamba kutuluka kutsogolo. Ndinaikakamiza mpaka pamwamba, n'kukaiimika potsetsereka, moyang'ana kamtsinje kena. Tinayenera kudikira kuti izizire ndisanathire madzi. Ndinawamwetsa madzi amuna anga, n'kuwapukuta nkhope ndi duku lonyowa. Kunali zii, kupatula tizilombo ta m'tchire ndi injini imene inkathetheka pozizira.

"Mayi," anatero, maso atatseka. "Mwana uja munamuona?"

Chichitikire zija, palibe mmodzi wa ife anatchulapo za iye.

"Ndinamuona pang'ono. Anamwino anandionetsa."

"Anali wotani?"

"Anali ndi tsitsi lambiri. Mphumi ngati yanuyi."

Kenako anati, "Ine sanandilole. Anati si za amuna. Ndinakhala panja pa chipatala paja mpaka amayi aja anabwerako kumanda, n'kundiuza kuti bambo pitani kunyumba, zatha. Mpaka lero sindidziwa pamene anagona."

Ndinachita manyazi aakulu. Miyezi yonse ija ndinkayesa kuti maliro aja anali anga ndekha, ndipo kuti mwamunayu wapeza choseweretsa kuti aiwale. Ndinawagwira dzanja. Tinalira tonse awiri pamenepo, pakati pa msewu, popanda wotiona. Atapuma anati, "Ndinkaopa kuti mudzandisiya mubwerere ku Ntcheu. Ndinkasowa chokuuzani. Ndiye ndinati mwina ndikabweretsa chinthu chopusa mudzandikalipira, ndimveko mawu anu."

"Ndiye munachipezadi chopusacho," ndinatero, ndikupukuta m'maso.

Ndinathira madzi, ndinamasula buleki, ndipo inalira tisanafike pakamtsinje paja.

Pafupi ndi boma panali chipika chotchinga msewu. Panali wapolisi mmodzi ndi anyamata a chipani ofunsa makadi. Kuima kunali kuzimitsa galimoto, choncho ndinachepetsa liwiro n'kumaponda mafuta, ndikukuwa kuti ndili ndi wodwala. Mmodzi wa a chipani aja anayamba kunena za kadi, koma wapolisiyo, amene mayankhulidwe ake anali a kumunsi kwa Shire, anasuzumira n'kuona matabwa aja. Sanafunse kanthu. Anakweza yekha chipikacho n'kunena kuti, "Pitani, mayi. Mwayendetsa."

Tinafika kuchipatala dzuwa likadalipo. Atawanyamula, ine ndinalephera kutsika. Zala zanga zinakana kusiya chiwongolero, mpaka namwino wina anachita kuzimasula chimodzichimodzi.

Anakhala m'chipatala pafupifupi miyezi itatu. Mwendo unalumikizana, koma unatsala waufupi ndi wouma, wosatha kuponda kalachi. Kuyambira pamenepo woyendetsa pabanja pathu ndinali ine. Iwo ankakhala pambali, ndodo ili pakati pa miyendo, n'kumapereka moni kwa anthu ngati bwana.

Tsiku limene anatuluka sanafune kupita kunyumba. Tinadzera kwa mayi wina wachikulire wa mumpingo, mmodzi wa amene anakaika mwana uja. Nditamufotokozera anazengereza, n'kuyang'ana amuna anga ndi ndodo zawo, kenako anatenga nsalu yake n'kukwera. Anatilondolera kumphepete kwa manda, pansi pa mtengo wa msuku. Panalibe mtumbira, panali timiyala titatu basi. Amuna anga anavula chipewa n'kuima pamenepo nthawi yaitali. Ine ndi mayi uja tinabwerera m'mbuyo kuti ayankhule zawo ndi mwana wawo.

Pobwerera, titamutsitsa mayiyo, kunagwa mvula yoyamba ya chaka chimenecho. Ndinaima potsetsereka kuti tikoke lona, koma zitsulo zake zinali zitachita dzimbiri. Ndinakoka ine, anakoka iwo ali chikhalire, osatheka. Tinangozisiya. Tinayenda pang'onopang'ono kudutsa pamsika, madzi akutsika m'khosi, anthu obisala m'makonde a masitolo akutiloza n'kumaseka.

Mwana wina sitinakhale naye. Tinakhala awiriwiri ku Chitipa zaka zina zisanu ndi zinayi, ndipo galimotoyo inatipititsa ku maukwati, ku maliro, ndi maulendo ambiri opanda chifukwa. Inatichititsa manyazi kosawerengeka. Ndinadziwana ndi anthu ambiri m'bomalo chifukwa choti anandikankhapo. Nthawi ina bwana wa kasitomu, woona za msonkho wa pamalire, amene ankasamutsidwa anafuna kutisiyira yake, yatsopanoko, ya magalasi okwera ndi kutsika. Tinaiyesa mpaka kumsika. Inali yofewa, yosalira, yosalowa fumbi. Titabwerako amuna anga anatsika, anathokoza bwanayo mwaulemu n'kuikana, ndipo atachoka anandinong'oneza kuti, "Mayi, muja ndimakhala ngati ndatsekeredwa m'kabati. Munthu anandipatsa moni pamsika paja, ine osamva."