Madzi Anafika pa Mkuyu

Damu lija analimanga chaka chotsatira njala yaikulu, ine nditangolowa kumene m'banja kwathu kwa Mposa. Boma linati tisamadalire mvula yokha, tizithirira. Mzungu wa zamalimidwe anabwera nakhomera zikhomo kuzungulira dambo, kuyambira pachulu chachikulu, kudutsa pamwala wochapira, mpaka kuseri kwa mkuyu. 

Patsinde pa mkuyuwo panagona mwana wanga woyamba. Anabadwa wakufa. Mtayo wotere amaika amayi okhaokha, popanda kulira, ndipo amuna sauzidwa malo. Dzenje lake limalekeza m'chigongono basi, chifukwa mukamuika pakuya mwakwirira mimba ya mayi wake. Tinali Akatolika, inde, koma zimenezi sitinkaseweretsa.

Ndinathamangira kwa azakhali anga, amene anakumba dzenjelo.

"Azakhali, madzi akadzaza mwana uja adzakhala pakuya. Tiwauze abambo akunyumba akapemphe kuti chikhomo chisunthe."

"Iyayi! Wapenga kodi? Zimenezi n'zouza mwamuna? Tseka pakamwa."

Ndinatsekadi. Amuna anga ankasenza dothi tsiku ndi tsiku, n'kumasinja chipupa cha damu ndi chipika, akuimba. Pobwera ankandiuza za kabichi ndi anyezi amene ana athu adzadye. Ana athu! Ine ndinkangoyang'ana pansi.

Mvula itagwa, madzi anayamba kukwawa mwakachetechete. Anameza mwala wochapira. Chulu chinatsala kamutu kokha. M'mawa uliwonse ndinkanyamula mtsuko ngati wokatunga, chonsecho ndinkakaona mkuyu. Madzi anafika m'mizu, kenako anagwira thunthu. Tsiku lina ndinalowamo ndikufufuza ndi phazi. Anandifika m'chiuno, kenako m'khosi, pamalopo ndisanafike n'komwe. Ndinabwerera kumtunda.

Damulo linadyetsa mudzi, sindikana. Madimba anabiriwira ngakhale m'chilimwe, anthu n'kumagulitsa ndiwo mpaka ku Liwonde. Mkuyu unaumira m'madzi momwemo. Ine mimba sindinatengenso.

Patapita zaka, amuna anga anamanga mphasa ndi khasu lawo kubwerera kwawo ku Balaka. Sanakalipe, sanali otero. Potsazika anangondifunsa mofatsa ngati pali chimene anandilakwira. Ndinayang'ana manja awo okhakhala aja, ndipo ndinati palibe.