Chigwiriro cha Nyanga ya Ng'ombe

Mpeni wanga ndi wopinda. Ndinaugula pamsika wa Namadzi ndisanakwatire. Chitsulo chake ndi chabwino mpaka lero, koma chigwiriro chinali cha pulasitiki. Tsiku lina ndinauiwala pafupi ndi moto tikuwotcha chimanga. Chigwiriro chinasungunuka ngati kandulo.

Ine pa nkhani ya chigwiriro sindinyengerera munthu. Pulasitiki ndi ya ana asukulu. Chigwiriro cha chitsulo chimaterera dzanja likachita thukuta, ndipo mu Juni chimazizira pantchafu. Mtengo umamwa madzi, umatupa, mpeni n'kumakana kutseguka. Chigwiriro chenicheni ndi nyanga ya ng'ombe. Imalemera bwino m'manja, ndipo siing'amba thumba.

Nyanga ndinakaipempha kwa wopha ng'ombe wa ku Mbulumbuzi. Iye anati ndiiwiritse nthawi yaitali kuti zam'kati zichoke, kenako ndiiyanike mwezi wathunthu. Ndinaiwiritsa mpaka nkhuni zitatha. Nkhunizo sizinali zambiri. Ndinaiyanika masiku awiri. Ndinacheka tizidutswa tiwiri, ndinapala ndi tupa, ndinaboola ndi msomali wamoto, n'kukhomera ndi sipoko ya njinga malo atatu. Kuti iwale ndinaipaka mafuta a nkhumba. Zamafutazo palibe anandiuza, inali nzeru yanga.

Sabata yomweyo ndinali ndi ntchito yaikulu. Mwana wa achemwali anga anali atapeza mkazi ku Ndunde. Mwana wa achemwaliyo ndi munthu wamkulu, dazi linayamba kale. Anali atakanidwa m'midzi iwiri chifukwa sayankhula. Ine monga malume wake ndinayenera kukhala nkhoswe, kukakumana ndi akuchikazi. M'mawa wa tsikulo achemwali anandigwira mkono.

"Achimwene, zikalephereka ulendo uno, ameneyu akalambira m'nyumba mwanga. Mukayankhule zaulemu."

Ndinavala jekete ya kutchalitchi. Mpeni unali m'thumba la thalauza monga mwa masiku onse. Tinanyamuka awiri, ine ndi mwana wa achemwaliyo, wapansi.

Galu woyamba anatilondola tikungotuluka m'mudzi. Wachiwiri anatulukira m'munda wa nandolo. Ndinaponya mwala, anauzinda n'kubwereranso. Sankauwa. Ankangoyenda kumanja kwanga, mphuno ili pathumba. Pofika ku Ndunde anali asanu, mmodzi wotsimphina.

Anatiyalira mipando pansi pa mtengo wa mango. Nkhoswe ya kuchikazi anali malume wa mkaziyo, bambo wamfupi, kalipentala wopuma, wa khutu limodzi losamva. Amayi a pamudzipo anakhala pakhonde. Titangopatsana moni, agalu aja anakhala pansi mondizungulira, maso onse pathumba langa.

"Agaluwa ndi anu, achimwene?" anafunsa kalipentala.

"Ayi."

"Ndi a mkamwiniyu?"

"Ayi."

"Ndiye abwera kudzafunsira ndani?"

Pakhonde anaseka, koma mayi wa mkaziyo sanaseke. Anayankhula ngati akuuza anzawo, koma mokweza kuti timve.

"Anthu oyenda ndi mankhwala ofatsitsa agalu a eni timaidziwa ntchito yawo. Mbuzi zathu zasowa ziwiri chaka chino."

Apo ndinaona kuti ukwati ukupita. Ndinapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa mpeni. Amayi atatu anathawira m'nyumba. Ndinauika pansi uli wopinda. Mitu isanu ya agalu inatsika nthawi imodzi.

Kalipentala anautola. Ananunkhiza. Anautsegula, anautseka, anautsegulanso.

"Nyanga yosapsa," anatero. "Komanso mwakhoma misomali itatu pamzere umodzi. Ing'alukira pomwepa." Anaugwedezera pafupi ndi khutu lake lakumva. "Ukulira kale."

"Sukulira."

"Inu mukumva ndi makutu awiri, phokoso limakusokonezani."

Ndiye anatulutsa wake. Wopindanso. Chigwiriro cha mlombwa, misomali inayi yamkuwa, timalata tiwiri mkati. Unali wooneka bwino, koma sindinamuuze.

"Mtengo umatupa nthawi ya dzinja," ndinatero.

"Umatupa mtengo wa anthu aulesi. Mlombwa wouma bwino sutupa."

"Anankafumbwe amadya mtengo."

"Wanuwu ukufunidwa ndi agalu asanu. Ine anankafumbwe sanandiperekezepo kuukwati."

Tinapitiriza. Iye anati nyanga imapindika padzuwa. Ine ndinati ng'ombe imakhala padzuwa moyo wake wonse. Iye anati ndiye chifukwa chake nyanga zake ndi zopindika. Anaitanitsa madzi m'beseni, tinaviika mipeni yonse iwiri kuti tione woterera. Galu wotsimphina anamwa madziwo tisanagwirizane.

Tiyi amene anatipatsa anazizira. Mthunzi wa mango unachoka pamene tinakhala, tinasuntha mipando. Mkazi wofunsiridwayo anabwera kawiri kudzagwada kuti timuone, ndipo kawiri konse anabwerera tili mkati moyeza kulemera kwa mipeni m'manja. Mayi wake anayamba kuchotsa makapu mwaphokoso.

Kenako kalipentala anapinda mpeni wake n'kuubwezera m'thumba.

"Achimwene, za mbuzi ndakukhululukirani, ndaona kuti si mankhwala, ndi changu chabe. Koma mwana wa mlongo wanga sindingamupereke kubanja losamva za anzawo. Lero ndi nyanga, mawa mudzatikanira milandu ya m'banja. Nenani kuti mlombwa umaposa nyanga, tikambe za tsiku."

Ndinayang'ana mwana wa achemwali. Thukuta linali likutsika kuchokera padazi mpaka m'kolala. Kuyambira m'mawa anali asanatsegule pakamwa. Anawerama n'kundinong'oneza.

"Amalume, akazi ena kulibe."

Ndinatembenukira kwa kalipentala. "Mlombwa uli bwino."

"Mwayankhulira kukhutu lakufa," anatero kalipentala, natembenuza mutu. "Komanso sindinati uli bwino. Ndati umaposa."

Ndinaimirira, n'kuzungulira mbali ya khutu linalo. Agalu anaimiriranso n'kuzungulira nane.

"Mlombwa umaposa nyanga."

Pakhonde nthungululu zinalira. Za ukwati weniweniwo tinakambirana mwachidule, tiyi wachiwiri asanawire. Tinagwirizana kuti zichitike anthu akamaliza kukolola nandolo, ndipo zinachitikadi. Ali ndi ana awiri tsopano.

Koma chimene ndinanena pabwalo paja chinali bodza, ndipo chinandivuta mumtima. Lamulungu lotsatira mapemphero atatha ndinawadikira abusa panja n'kuwauza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati bodza lomanga banja lisandisowetse tulo, koma ndisabwerezenso. Ndikutsanzika anandigwira jekete, nayang'ana uku ndi uku.

"Koma abambo," anatero motsitsa mawu, "munayesapo chigwiriro cha tayala?"